Munayamba kumwa ndinu, Ababa

Ababa, m'mawa uno ndalandira kabotolo ka madzi a pachitsime chathu cha ku Chiputo. Amayi akutsegula m'mimba osasiya, ndiye ndinapempha achimwene atumize madziwo kuti ndiwayeze mu laboratori ya kuno kuyunivesite, komwe ndikuphunzira za madzi. Nditangotsegula kabotoloko, ndakumbukira inu.

Tsiku lomwe tinabwerera kuchokera ku Zambia, komwe tinathawira, nkhondo itatha, tinapeza nyumba zonse zili phulusa, chitsime chokha chilipo. Anthu ankanena kuti m'zitsime zina munathiridwa poizoni. Ine ndinkalira ndi ludzu. Munatunga, n'kununkhiza, n'kumwa chikho chonse. "Wina asamwe mpaka dzuwa lipendeke," munatero. Amayi anakuwa kuti, "Mukafa, anawa ndiwatani ine?" Munakumba timaenje pansi n'kundiitana kuti tisewere bawo. Ndinakudyani masewera onse, ndikudzitama. Lero ndi pamene ndazindikira kuti timiyala tanu tinkagwera m'maenje olakwika chifukwa munkamvetsera m'mimba mwanu. Dzuwa litapendeka munaimirira n'kungoti, "Imwani."

Pano zotsatira sizinatuluke. Ndakhala pabenchi, ndikusewera bawo pafoni kuti ndisaganize, koma ndikungodyedwa ngati inu tsiku lija. Foni ikalira ndikuopa kuti ndi uthenga wa Amayi. Ine ndili ndi makina, magolovesi ndi aphunzitsi ondithandiza. Inu munalibe choyezera china, Ababa. Munali ndi mimba yanu yokha, ndipo munaipereka.