Kamanda kuseri kwa tchalitchi cha ku Mangalande

Tisanabwere kuno ku Glasgow, ine ndi amuna anga tinakhalapo m'kamudzi kena ku Mangalande, komwe ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba. Kamudziko kanali ndi msewu umodzi, nyumba zamiyala, dziwe la abakha, ndi tchalitchi chakalekale chokhala ndi nsanja ya mabelu. Sukulu anali atatseka chifukwa ana anachepa. Chigayo choyendera madzi, chimene makolo awo ankagayirako tirigu, chinali chitasanduka nyumba ya munthu wina wa m'tauni amene ankangobwera Loweruka. Anthu akuda m'mudzi monsemo tinali awiriwiri, ine ndi amuna anga.

Kumeneko ndi kumene ndinapita padera, mimba ili yaikulu ndithu. Anali mwana wamwamuna.

Kwathu maliro otere amaika amayi okhaokha, mwakachetechete. Koma ine kumeneko ndinalibe mayi, ndinalibe mchemwali. Amene anadzagogoda pakhomo ndi mayi wina wachikulire woyandikana nafe, amene ankakonza maluwa m'tchalitchi. Tinali tisanachezepo, tinkangopatsana moni pamsewu.

"Malo alipo kuseri kwa tchalitchi," anatero. "Mwana wanganso anagona pomwepo. Sakakhala yekha."

Tsiku loika anabwera ndi anzake, amayi a imvi okhaokha, atavala makhoti akuda. Palibe anawauza mwambo wathu. Kungoti amuna awo ambiri anali atatsogola kale. Amuna anga anaima chapatali, pafupi ndi mwala wolembedwa maina a anyamata a m'mudzimo amene anafera ku nkhondo. Titatha, mayi uja anandigwira mkono n'kundiyendetsa m'mandamo. Uyu anali wosula zitsulo, uyu ankaweta nkhosa, banja ili linatha ndi nthenda nyengo imodzi. Miyala ina zilembo zinali zitafufutika ndi mvula ndi ndere, koma iye ankawadziwabe eni ake.

Patapita nthawi ndinapeza ntchito pachipatala kuno, ndipo tinasamukira ku Shawlands, dera lina la mumzinda uno. Mayi uja ndiye anatsala akulambula pamanda. Nyengo ikasintha ankandiimbira foni, kundiuza kuti maluwa aphuka, kapena kuti chisanu chayeretsa ponseponse.

Chaka chatha amene anaimba ndi mwana wake. Anati amayi ake anagwa, ayamba kuiwala, ndipo awatenga kukakhala nawo mumzinda. Anatinso m'tchalitchi muja sapempheramonso, akhristu anatha.

Ndinakwera sitima yapamtunda ndi mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno, kukaona manda aja. Basi yolowa m'mudzimo inasiya kuyenda, ndiye tinadutsa wapansi pakati pa minda. Tinapeza tchalitchi chokhoma, udzu wolekeza m'mawondo. Ndinazungulira uku ndi uku osapazindikira, mpaka mwanayo ndi amene anapeza kamwala ka pamanda a mlongo wake.

"Amayi, ife tikapita azimuyang'anira ndani?" anandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno.

Tinagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, minga ikutibaya. Bambo wina anadutsa ndi galu, anatiyang'ana, n'kutipatsa moni ngati alendo odzaona malo. Nditamufunsa za mayi uja, anati iye ndi watsopano, sakuwadziwa.

Titafika kunyumba, amuna anga anali pawindo akutidikira.

"Mwapapeza bwanji?"

"Udzu unakula, koma tazula," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kulowa kukhitchini kukatiterekera madzi a tiyi. Anakhalitsa kumeneko.