Phapo la Agogo Telala

Ndikakumbukira agogo, bambo awo a mayi anga, mphuno zanga zimadzaza utsi wa makala a m'simbi ndi wa fodya wopichira, pakhonde la sitolo ku Limbe pomwe ankapalasa makina osokera tsiku lonse, maminibasi akuliza mahutala, iwo akutsokomola koma phazi osaimitsa. Nsalu sankataya. Kachidutswa kochepa ngati khutu la mbewa kankalowabe m'thumba. "Telala wodula mowolowa manja ndi wakuba," ankatero.

Ndili Sitandade 6, chifuwa chija chinayamba kutuluka ndi magazi. Anamwa mankhwala a TB miyezi ingapo, osasintha, mpaka kuchipatala anapeza chotupa cha khansa m'phapo lakumanja. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni mayi ananditenga, poti kunyumba ku Nancholi kunalibe wondisiyira.

Dokotalayo anajambula phapo papepala. Anati njira yodalirika ndi kuchotsa chigawo chonse chomwe munali chotupacho. Ina ndi kudula chotupa chokha ndi kanyama kozungulira: mpweya utsala wambiri, koma matenda angathe kubwerera.

Agogo anaika chala papepalapo ngati akuyeza thalauza.

"Chibowo chili apa. Konse uku mukutayiranji?"

"Agogo, mizu yake sioneka ndi maso," anatero dokotala.

"Bambo, mverani adokotala," mayi anachonderera.

"Iwe, ndayamba kudula usanabadwe. Achotse poolapo basi."

Ine ndinaseka, monyadira ndithu, kuti agogo anga aphunzitsa dokotala ntchito. Agogo ananditsinzinira diso, nkusainira pepala lovomereza kuti achotse poolapo basi.

Anachira msanga, nabwerera pakhonde, akuonetsa makasitomala chipsera nkumanyoza masokedwe ake. Dzinja litadutsa kawiri, chifuwa chinayambiranso. Khansa inali itamera m'mphepete mwenimweni momwe mpeni unadutsa. Ulendo uno panalibenso chodula.

Mayi sanandinenepo kanthu, koma kuseka kuja kumandiwawa mpaka lero. Ndafunsapo madokotala atatu, wina ndinachita kumuimitsa pa Chichiri atanyamula katundu, ngati agogo akanakhala moyo chigawo chonse chikanachotsedwa. Onse amayankha chimodzimodzi: "Mwina." Chaka chatha mayi anawapeza ndi chotupa cha m'bere. Dokotala asanamalize kujambula, ndinali nditagwira kale dzanja lawo.

"Amayi, achotse bere lonse."

Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha cholembera kuti asaine.