Mitengo Itatu ya Agogo Zuze

Agogo anga aamuna, a Zuze, ankanunkha makungwa aawisi, fungo lowawa lomwe silinkachoka m'malaya mwawo ngakhale mayi achape ndi sopo. Kwathu kuseri kwa Mitundu, aliyense wopsa ndi moto, kaya mwana wogwera pambaula kaya bambo wopsa potentha njerwa, ankathamangira naye kwa iwo. Ankasinja makungwa a mitengo itatu m'kamtondo kong'aluka, n'kupaka phala lofiiralo pachilonda uku akukalipira wodwalayo kuti asiye kulira ngati mbuzi.

Ana awo onse ankati zimenezo n'zachikunja, ndiye chinsinsi anandiuza ine, ndili Sitandade 6.

"Iwe Esinati, mankhwala ndi muwanga wokha, anandisiyira ndi bambo anga. Mlombwa ndi wofiiritsa chabe, mthethe ndi wosokoneza akuba. Ukaulula ndikudula makutu."

Ine kunyada kwake! Ndinkadziona ngati dokotala kale.

Chaka chomwecho kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, atamva za agogo kwa namwino wa ku Nathenje. Ankati amafufuza mankhwala obisika m'mitengo. Anatenga makungwa onse atatu, masamba ake n'kuwapana m'manyuzipepala ngati ndi zinthu zamtengo wapatali. Agogo sanamuuze woona ndi uti. Anangonditsina pamkono n'kunong'ona kuti, "Akasankhe yekha, si wophunzira?"

Mayi uja anabweranso titakolola. Anakhala pamphasa mwaulemu.

"Agogo, tayesa yonse itatu m'timbale momwe timawetamo tizilombo ta m'zilonda. Umodzi wokha ndi umene wapha tizilomboto."

Agogo anamwetulira, akundiyang'ana.

"Ndi mlombwa," anatero mayiyo.

"Mwati chiyani? Nanga muwanga?"

"Sitinaonepo kanthu. Komatu mbale si munthu, agogo. Mwina umagwira mwa njira ina imene sitinaidziwe."

"Kuweta tizilombo! Anzanu akuweta nkhuku," anatero agogo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Koma galimoto ya mayiyo itachoka, kuseka kunathera pomwepo. Anakhala pansi pa nkhokwe nthawi yaitali, akutembenuza khungwa la muwanga m'manja.

"Mlombwa ndinayamba kuikamo ndine, ndili mnyamata," anatero, "chifukwa anthu sakhulupirira mankhwala otuwa. Bambo anga sankaikamo. Nanga iwo ankachiritsa ndi chiyani? Kapena zilondazo zinkangopola zokha?"

Ine mutu unangoti balala. Munthu amene ankadziwa zonse akufunsa ine, kamwana kosadziwa n'kupeta komwe! Ndinapsa mtima, koma osadziwa kuti ndikwiyire ndani, mayi uja, agogo, kapena bambo awo akufa aja. Zoona zake ndinaopa kuti chimene anandisiyira n'chopanda kanthu.

Sabata yomweyo anthu anabwera ndi kamtsikana kotayikiridwa phala pamwendo. Ndinaona agogo akuwonjezera mlombwa mumtondo, kenaka n'kuchotsako, n'kubwezeranso. Tsiku limenelo sanakalipire aliyense. Mwanayo anachira, koma zimenezo sizinathetse mlandu, poti mumtondomo inalimo yonse itatu.

Mayi uja sanabwerenso, kaya kafukufuku wakeyo anathera pati. Agogo atayamba kufooka ndinawafunsa poyera kuti, "Ndiye ndigwire uti, agogo?"

"Ika yonse, mwanawe. Ndi mthethe womwe. Ndani akudziwa, mwina ndi umenewo."

Sankaseka ayi.

Lero ndimasoka zovala pa Nathenje. Wopsa kwambiri ndimamuthamangitsira kuchipatala, sindichita nazo masewera. Koma tizilonda ting'onoting'ono anthu amabwera natobe, ndipo ndimasinja itatu yonse. Mwana wanga wamkazi wafika msinkhu woti ndimuuze, ndipo wayamba kundifunsa kuti woona ndi uti. Ndimamukalipira kuti asinje msanga wodwala akudikira. Iye amaganiza kuti ndikumubisira.