Mchenga wa Nyumba Yathu ya ku Mmopane

Chapakati pa zaka za m'ma 2000 ndinkaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina ku Gaborone. Amuna anga, Mtswana, anali ndi puloti ku Mmopane, ndipo tinkamangapo nyumba pang'onopang'ono. Mchenga ankatibweretsera bambo wina wa lole, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza. Ndinkadziwa kuti amaukumba mumtsinje popanda chilolezo. Sindinafunsepo kuti mtsinje wake uti.

Kusukulu, ine ndi mphunzitsi mnzanga, mayi wachitswana wa sayansi, tinagwirizana zokonza kamtsinje kena kumadzulo kwa tauni. Magombe ake anali atagumuka, mizu ya mitengo ili lendelende, ndipo mvula ikagwa madzi ankadutsa ofiira n'kusiya zithaphwi zonunkha. Loweruka lina tinapitako ndi ana a fomu 2, titatenga mabango ndi mawilibala otutira miyala. Ndinaima pagombe n'kuwafotokozera kuti mchenga umasefa madzi, ndipo okumba mchenga akupha mtsinje ndi achule ake omwe. Ndinalankhula mwaukali ndithu.

Tili mkati moyala miyala, lole yodzaza mchenga inatulukira m'khwawa chakumtunda. Dalaivala, bambo wotibweretsera mchenga uja, atandiona anasuzumira pawindo.

"Dumela, Mma! Achemwali, mwadzuka? Mchenga wa pulasitala uja ndi umenewu, ndikupezani masana ano!"

Kenaka anauza anzake okumba m'Chitswana kuti mwini katundu ndi mayi ameneyu. Ana onse anamva. Panalibe woseka, ndipo bola akanaseka.

Mnzanga uja anangowerama n'kumadzala mabango ake. Pobwerera, tili m'kombi, minibasi ya kumeneko, anandifunsa chapansipansi, "Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa," ndinayankha.

Masana lole inafikadi. Amuna anga anati mchengawo wakumbidwa kale, kuukana sikubwezera kumtsinje, ndipo ine ndinalola kuti atsitse. Chimenechi ndiye chimandiwawa mpaka lero.

Lolemba ndinauza kalasi ija zonse za mchengawo, maso anga ali padesiki. Mtsikana wina wakutsogolo anakweza mkono n'kufunsa ngati ndidzapitenso nawo kumtsinje. Ndinapita Loweruka lililonse mpaka dzinja litafika. Mabango ambiri anakokoloka ndi mvula yoyamba. Ochepa okha anagwira pamene mtsinje umakhota, ndipo chaka chotsatira tinayambira pomwepo kudzalanso.