Nsomba za m'galasi ndi zala za abambo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndadziwa chimene chinapinda zala za abambo. Ndimawaonetsa vidiyo yomwe mdzukulu wawo Rosita watumiza kuchokera ku Beira, ya nsomba za m'nyanja ya mchere zili m'galasi. Anangoti, "Zimitsa," kenaka anayamba kulira.

Akuti m'zaka za m'ma 1950, asanakwatire, ankagwira ntchito kwa Mpwitikizi wa loja, kapena kuti sitolo, ku Cassacatiza. Mzunguyo ankaweta nsomba zoterezi, n'kumazipatsa chakudya cha m'chitini, pang'ono pokha. Atapita pa ulendo wa ku Tete, chitinicho chinatha. Abambo anazimvera chisoni, n'kuziponyera gaga. Madzi anachita mbuu, anayamba kununkha. Pofuna kukonza, anathiramo madzi a pachitsime, osadziwa kuti nsombazo zimafuna amchere. Pofika tsiku lachitatu zonse zinali zitayandama.

Mzunguyo atabwerako, asipayi, apolisi a Apwitikizi, anawamenya abambo m'manja ndi thabwa lamabowo mpaka zala kuthyoka.

"Ine ndinkaopa kuti zifa ndi njala," atero abambo.

Amayi anamwalira akukhulupirira kuti abambo anagwa panjinga. Panopa abambo akukana kudya, angokhala pakhonde. Achimwene, azakhali, kodi ndiwafunsenso kuti atulutse zonse, kapena ndingowasiya?