Penaia Pansi pa Mkeka

Kwathu ku Vatia, pachilumba chathu cha pakati pa nyanja, mwana wamwamuna amamuyeza ndi mapewa. Akabadwa wojintcha, amalume ake amayambiratu kukangana za malo amene adzaime pamzere wa zimphona zokankhana, pampira wathu uja wamanja, wovala zisoti. Ndiye mlongo wanga Penaia anabadwa ngati mpini wa tsache. Mayi anamudyetsa palusami, masamba athu ophika ndi kokonati, ndi nyama yam'chitini mpaka kutopa, koma zonse zinkathera m'miyendo ndi m'zala. Ine Fuatino, mchemwali wake wamkulu, ndinamenyana ndi theka la ana a m'mudzi chifukwa cha dzina loti Chingwe limene anamupatsa.

Chimene anali nacho ndi manja. Bambo athu, a Tauvela, akakwera mumtengo kukathyola kokonati, ana ena ankathawa, iye n'kumawakha. Bambo ankachita dala kuponyera kutali, kumiyala, mwana n'kumathamanga maso ali kumwamba. Mphunzitsi wa mpira kusekondale atamuona anati, "Uyu kukankhana sangathe, athyoka. Aziima kumbali uko, azithamanga, tizimuponyera." Ndi mmene anakhalira wowakha, malo amene kuno ambiri amati ndi a anthu othawa ndewu.

Koleji ina ya ku Utah, kutsidya kwa nyanja, inamutenga. Tsiku lotsanzikana mudzi wonse unabwera, abusa anapemphera mpaka nkhumba inazizira, kenako bambo, munthu amene anathera unyamata wake m'fakitale ya nsomba zam'chitini, anamugwira paphewa. "Ukupita ndi dzina lathu. Usakaligwetse." Mawu amenewo ndinadana nawo tsiku lomwelo.

Kukoleji anasewera zaka zinayi atavala nambala 84. Tsiku limene matimu akuluakulu amasankha anyamata tinakhala pa TV kuyambira m'mawa, dzina lake silinatchulidwe. Timu ina inamuitana kukayesa, n'kumubweza patatha milungu isanu. Ina inamusunga zaka ziwiri m'gulu loyesererapo, ndipo masewero enieni analowa atatu okha, n'kuwakha mipira inayi. Kenako anapita kukasewera ku Canada. Bambo zonsezi sizinawafooketse. Juzi ya 84 ankaivala mkati mwa jekete yoyera yakutchalitchi, thukuta lili kamukamu.

Vuto la wowakha ndi loti amadumpha maso ali pampira, amene akubwera kudzamugunda samuona. Penaia anamugunda m'mutu kanayi mpaka kukomoka. Kachinayiko anandiimbira foni.

"Achemwali, adokotala akuti kachisanu mwina sindidzukanso. Koma timu ikundifunabe chaka chamawa."

"Ndiye ukudikira chiyani? Auze bambo kuti wasiya."

"Inuyo munayamba mwawauzapo bambo kuti ayi?"

Sindinayambe. Kuno mwana sabweza mawu a kholo, ngakhale atamera imvi.

Anabwera mu Febuluwale, akuti kutchuthi, tikiti yobwererera ili m'chikwama. Bambo anayenda naye khomo ndi khomo kumuonetsa. Ine ndinkaona zina. Dzuwa linkamupweteka m'maso, ankakhala m'chipinda makatani ali otseka, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti mayi apita kuti, pamene mayiwo anali atangomupatsa tiyi amene anali m'manja mwake. Ndinalira kubafa, kenako ndinamulowera. "Iwe, ukapanda kunena, ndinena ine. Maliro ako sindikufuna kuphikira." Anandipempha kuti ndidikire mpaka Loweruka.

Loweruka m'mawa ndinatuluka ndi tsache, n'kupeza munthu atakhala pamiyala kutsogolo kwa nyumba ya bambo, atadzifunditsa mkeka waulemu wa mayi, uja timatulutsa paukwati ndi pamaliro pokha. Imeneyi ndi ifoga, kupepesa kwa munthu amene wapha kapena walanda mkazi wa mwini. Amakhala atafunda choncho mpaka wolakwiridwayo adzavundukule, ndipo akapanda kuvundukula ndiye kuti chikhululuko palibe. Kunsi kwa mkekawo kunatulukira zimapazi zazitali zimene ndinazizindikira.

"Iwe Penaia, wapha ndani?"

"Chokanipo, achemwali."

Posakhalitsa anthu anadzaza mumsewu. Azakhali athu a Peteli, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anakuwa ali patali, "Ndi mwana wa ndani wamupatsa mimba? Nenani msanga tikaphe nkhumba!" Ena anaseka, koma bambo atatuluka kuseka kunatha. Anakhala pansi pakhomo, anapinda miyendo.

Dzuwa linakwera. Ola lathunthu linadutsa likuwomba pamutu womwe uja adokotala anauletsa, ine ndikuwira ngati ketulo. Ndinali nditatsimikiza kuti bambo akangonena kuti abwerere, tsiku limenelo ndiwayankha, zilizonse zichitike.

"Walakwa chiyani?" anafunsa bambo pomaliza.

Mawu anatuluka pansi pa mkeka. "Ndagwetsa dzina, bambo. Sindibwereranso ku mpira. Mutu wanga sulinso bwino."

Bambo anaimirira pang'onopang'ono, anapita, n'kuvundukula mkekawo ndi manja awiri. Penaia anali atanyowa thukuta, maso ali pansi.

"Mu Okutobala unandiimbira foni katatu tsiku limodzi," anatero bambo, "kundiuza nthabwala imodzimodzi ya mnzako amene anaterereka pachipale. Ndinaseka katatu konse. Umayesa ndine chitsiru? Kuchokera tsiku limenelo mpira wako sindinauonerenso. Pa TV paja ndimakhala nditatsinzina."

Apa pakamwa panga panatseguka pokha. "Ndiye bwanji osamuletsa, bambo?"

"Ndikanamuletsa, akanamvera, kenako n'kundisungira kumtima moyo wake wonse. Ndimafuna anene yekha."

"Nanga ola lonseli, mwana ali padzuwa?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinayembekezera mbama. "Ndimadikira miyendo yanga ileke kunjenjemera, Fuatino. Ukanafuna ndigwe pamaso pa azakhali akowa?"

Ndinakhala pansi pomwepo tsache lili m'manja, ndikuseka ndi kulira pamodzi. Chiyambire foni imene anandiimbira ija ndinali ndisanapume bwino, ndipo tsiku limenelo mtima unakhala pansi. Mayi anatola mkeka wawo akudandaula kuti wadetsedwa ndi thukuta. Azakhali anati nkhumba iphedwebe, popeza anthu abwera kale.

Panopa Penaia amaphunzitsa mpira kusukulu yomwe ija. Zinthu amazilemba m'kabuku kuti asaiwale, ndipo mwana akangogundidwa m'mutu amamutulutsa m'bwalo, makolo akalipe, asakalipe. Bambo juzi ija akuvalabe kutchalitchi.

Mlungu watha msuweni wathu anakwera mumtengo kuseri kwa nyumba, ife tili chikhalire pansi. Kokonati ina inamupulumuka. Ndinaona Penaia akudzambatuka, maso kumwamba, manja atatambasula kale. Bambo, ndi ukalamba wawo wonse, anamugwira mkono n'kumukokera pansi.

"Isiye igwe, mwanawe."

Inagwa pamiyala, n'kugubuduka mpaka pamapazi pawo. Bambo anaitola okha.