Zitini za Agogo M'phiri

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mulewa, ndimamva fungo la dzimbiri la chitini chimene chagona dzinja lonse m'mng'alu wa mwala, losakanikirana ndi la fodya wawo wa labu ndi la udzu wongopsa kumene. Mudzi wathu unali m'tsinde mwa phiri, chakum'mawa kwa Liwonde. Loweruka m'mawa, amayi akusesa pabwalo, sitima ikulira patali pamlatho wa Shire, agogo ankagogoda chitseko chathu ndi ndodo yawo yansungwi.

"Esinala, dzuka iwe. Uitane anzako. Ndabisa chinthu m'phiri."

Zimene ankabisazo zinali zitini zakale za mkaka ndi za polishi. Ankaziika m'mbali mwa tinjira tokwera phiri, momwe azimayi ankadzera pokatola nkhuni, pansi pa mizu, m'mphako za mitengo, kuseri kwa matanthwe. M'kati munkakhala batani, mkanda, nguli yosema okha, mwina siwiti imene nyerere zinali zitayamba kale kulawa. Kulozera ndi chala sankalozera iyayi. Ankangotipatsa mawu.

"Mukafika pa msuku wopendekera, muupatse msana. Mufune mwala wokhala ngati chule. Kumene chuleyo akuyang'ana, n'komweko."

Ife tinkathamanga opanda nsapato, minga ikutibaya, anyenje akulira mpaka m'makutu kuwawa, anyani akutikuwiza pamwamba pa thanthwe. Iwo ankabwera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kukhala pamthunzi kumatiseka tikamazungulira mwala wolakwika. Malamulo awo anali akuti usanapise dzanja uyambe wagwedeza ndi kamtengo chifukwa cha njoka, ndipo ukatenga kanthu usiyepo kako. "Wobwera m'mbuyo mwako asapeze chitini chopanda kanthu," ankatero.

Agogo aakazi zimenezi sizinkawasangalatsa. "Inu ndi imvi zanuzo, zitini zanga zosungira mchere mwamaliza zonse! Phirilo limadya mchere?" Aamunawo ankangotsokomola n'kuyang'ana kumbali, mawa lake chitini china n'kusowa.

Panali chitini chimodzi chimene sankatilola kutengamo kanthu. Chinali m'kaphanga pafupi ndi nsonga ya phiri, pamene munthu umaona Shire akunyezimira m'munsi ndi chigwa chonse mpaka ku Balaka. M'kati mwake munali mwala wakuda, wophwatalala, wokwana m'chikhatho. Pamwalapo panali tsamba lalitali ngati lilime, mitsempha yake yonse ikuoneka bwinobwino, koma ukalikanda ndi chikhadabo linali mwala basi.

"Ndani anajambula?" ndinawafunsa tsiku lina tili awiri.

"Palibe. Linagwa lokha m'matope kalekale, anthu asanabadwe, matopewo n'kusanduka mwala."

Kenako anandiuza nkhani ya mwalawo. Ali anyamata ku Mozambiki, Apwitikizi anawagwira pamodzi ndi mng'ono wawo Zuze n'kuwapititsa kukakumba malasha cha ku Tete. Kumeneko Zuze anamenya mwala ndi piki, mwalawo n'kung'aluka pakati, tsamba n'kuoneka mbali zonse ziwiri. Aliyense anatenga chibenthu chake. Atathawa kumgodiko anapangana kuti akadzasiyana panjira, wotsogola azisiya chizindikiro pamphambano, pansi pa mwala. Asanafike ku Phalula anamva galimoto ikubwera, wina anathawira kumanja wina kumanzere. Agogo anadikira m'tchire mpaka njala inawathamangitsa. Kuchokera pamenepo anayenda akusiya tinsanza ta malaya awo pamphambano iliyonse, kuwoloka Shire, mpaka kwa abale awo m'tsinde mwa phirili. Anafika malaya atatha. Zuze sanatulukire.

"Amakonda kukwera pamwamba kuti aone kumene akupita," anatero, akutseka chitinicho. "Akadzafika dera lino, adzayamba wakwera pano."

Chaka china, mvula yoyamba itangogwa, tinakwera awiri kukaona ngati madzi alowa m'zitini. Nditatsegula cha m'phanga chija ndinapeza mwala mulibe. M'malo mwake munali mbedza yokulungidwa bwino m'pepala la fodya. Ndinkaganiza kuti akalipa. Koma anakhala pansi pomwepo, ndodo yawo n'kugubuduka kutsetsereka osaitola.

"Zuze anali wa mbedza," ananena motsitsa mawu. "Kwathu sankachoka kumtsinje."

M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi. Agogo aakazi anaima pakhomo.

"Mukupita kuti ndi miyendo imeneyo?"

"Ku nyanja ya Chiuta. Munthu wa mbedza akakhala kuti?"

"Nanga mukakapeza kuti si iye?"

"Ndikamva ndi makutu angawa."

Anapita, ndipo mudzi unazizira. Madzulo aliwonse ndinkakhala pachulu cha m'mbali mwa msewu kuyang'ana aliyense wotsika galimoto. Anabwera chimanga chitafika m'mawondo, atawonda, mapazi atatupa. Anali atayenda m'madooko onse, pakati pa mathandala oyanikapo matemba, akufunsa asodzi za nkhalamba yotchedwa Zuze yokhala ndi mwala wa tsamba. Ena ankawaseka, ena ankawapatsa nsomba ndi pogona. Palibe ankamudziwa.

Patapita masabata, panafika bambo wina panjinga yonunkha nsomba zouma, atavala kofia. Anali che Amidu, ogulitsa nsomba za makumba pamsika wa Liwonde. Anaimika njinga, kuvula nsapato m'mphepete mwa mphasa, n'kutulutsa mwala uja m'thumba la malaya.

"Pepani, achimwene. Ndamva kumsika kuti mwayenda mpaka ku Chiuta chifukwa cha ine. Ndinakwera kukadula nsungwi za dengu, mvula n'kundipezera komweko, ndiye ndinabisala m'phanga muja. M'munsi ndinali nditaona chitini china chokhala ndi tinthu tosiyanasiyana, ndinati kuno anthu amasinthana. Mwalawu unandikongolera, ndinasiyapo mbedza yanga. Sindinadziwe."

Agogo anaulandira ndi manja awiri, kuuyang'ana nthawi yaitali, kuusisita ndi chala chachikulu. Kenako anaubweza m'manja mwa mlendoyo.

"Munasiyapo chanu, ndiye ndi wanu. Koma inu mumayenda m'misika. Muziuika poyera pamene mukugulitsa. Wina akadzauona n'kusintha nkhope, mudzamubweretse kuno."

Che Amidu anauika mwalawo pamphepete pa thandala lawo zaka zonse zimene anagulitsa nsomba. Akamadutsa kwathu ankaima, n'kunena ali panjinga pomwepo kuti, "Sanabwere, achimwene." Agogo ankayankha kuti, "Zikomo. Tsikani mumwe thobwa."

Nditalowa sekondale miyendo yawo inayamba kukana. Komabe tsiku lina anasowa kuyambira m'mawa, n'kubwera dzuwa litapendeka, mawondo atasupuka. Sanauze munthu kumene anapita. Atagona pamphasa ndi matenda awo omaliza, ine nditabwera kutchuthi, anandikodola kuti ndiwerame.

"Ndabisa chako chako, osati cha gulu. Pa mtengo wa muwanga wamphanda, utsike kumene madzi amatsikira, mpaka umve kuzizira kumapazi. Ukatero uyang'ane m'mwamba."

Ndinati ndidzapita akachira, tidzakwere limodzi. Sanachire. Pambuyo pa maliro mtima sunandilole kukwera, kenako sukulu inanditengera kutali, kenako ntchito, kenako banja. Pamene ndinabwerera, owotcha makala anali atadutsamo. Phiri linali zitsa zokhazokha, ndipo chitsa sichinena ngati mtengo wake unali wamphanda.

Lero ndimaphunzitsa ku Balaka. Mwana wanga Tadala anandionetsa pafoni masewera ena a kunja, akuti anthu amabisa timabokosi m'njira za m'mapiri n'kulemba manambala a malowo kuti ena adzatipeze ndi foni.

"Agogo anu akanasiya manambala, bwenzi titachipeza lero lomwe," anatero.

"Anasiya mawu," ndinamuyankha.

Mawuwo ndimayenda nawo. Ndimawanena chamumtima minibasi ikamawoloka Shire pa baraji ya ku Liwonde, phiri lathu likamaonekera kutsogolo. Chilimwe chilichonse timakwera ndi Tadala, kutsata timakwawa touma, kuvula nsapato kuti mwina mapazi amve kuzizira. Ulendo wapitawu tinakwera mvula itagwa kale, ndipo mwanayo anafunsa nkhalamba ina imene inkawotcha makala kale. Inaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti muwanga wamphanda ikuukumbukira, inaudula yokha, koma pano udzu watalika ndipo maso ake ndi ofooka. Inati tidzabwere anthu akakolola, udzu ukapsa, idzatiperekeze.

Ndikulemba izi chimanga chikadali chachiwisi m'munda, ndipo m'mawa uliwonse ndimapempherera moyo wa nkhalamba imene inadula mtengo wa agogo anga.